Dzanja la Amayi pa Chithunzi Choyamba

9 Januwale

Chigamba mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga, ndiponso kuti makina ako osokera akulirabe. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwafika m'mafupa. Moni wanga woyamba upite kwa Amayi.

Khadi la m'kamera limene unaika mu envelopu lafika dzulo, ndipo ndakhumudwa. Kamera ndinakutumizira ija si chidole. Ndagwira ntchito m'sitolo ya makamera zaka zisanu ndi chimodzi, ndinaisankha ndekha pakati pa makamera odzaza khoma, kuti ndizitha kuwaona Amayi ngakhale ndili kutali. Iwe wandibwezera zithunzi za denga, za chitseko ndi za chala chako. Chimodzi chokha ndicho Amayi aonekamo nkhope, atakhala pampando wawo wa pawindo, koma nachonso wachiononga. Dzanja lawo lamanzere latuluka ngati utsi, zala sizikudziwika kuti ndi zingati. Munthu woti umalowetsa ulusi pasingano osaphethira, ukulephera kugwira kamera osanjenjemera? Chifufute chimenecho, chisatichititse manyazi.

Tsono tamvera, ndipo kalatayi usakulungire mabatani a malaya. M'kati mwa kamera muli kachitseko kotchedwa shatala, kamene kamatseguka n'kutsekeka kuti kuwala kulowe. Kakachedwa kutsekeka, chilichonse chosuntha chimatuluka ngati utsi. Pamwamba pa kamera pali kagudumu ka zilembo. Kachotse pa chizindikiro chobiriwira, ukaike pa S, ukweze nambala ifike pa 500. Ukatero ngakhale nkhuku yothamanga idzaoneka ngati yaima. Fulashi uzimitse, imayeretsa anthu nkhope ngati adzola phulusa.

Chachiwiri, kumbuyo kwa Amayi kwaoneka mabotolo, beseni ndi matawulo ali mbwee. Kodi nyumba ija simusesanso? Ngati ulesi wakukulirani, ika kagudumu pa A, utsitse nambala ya f ifike pa 2. Chibowo cha lenzi chidzakula, nkhope yokha idzaoneka bwino, zakumbuyo zonse zidzasungunuka.

Chachitatu ndi chimene chikundipweteka. Miyezi iwiri tsopano ndikaimba foni umandiuza kuti Amayi agona, kapena atuluka, kapena khutu likuwavuta. Ndikudziwa kuti foni sanaikondepo, amati ndi kulankhula ndi khoma. Ndiye uwajambule vidiyo, batani lake ndi lofiira lija. Ndikufuna kumva mawu awo, ngakhale akhale ondikalipira. Chiphaso changa chokhalira kuno chituluka mu Juni, ndipo ndikachoka chisanatuluke sadzandilolanso kubwerera, ntchito n'kuthera pomwepo. Mpaka nthawi imeneyo maso anga ndi makutu anga ndi iweyo, choncho usandigwiritse mwala.

Ndine mchemwali wako,
amene umati Ahedi

3 Febuluwale

Achemwali, kapena ndingoti Ahedi,

Kalata yanu tailandira ndi manja awiri, ndipo tasangalala kumva kuti muli bwino. Ife kuno tadzuka. Mlamu wanu akupereka moni. Amayi alipo, moni wanu aulandira.

Masamba atatu onse ndawerenga. Ndinkayesa ndalandira kalata ya mchemwali wanga, osadziwa kuti ndi mayeso. Ndinawawerengeranso Amayi mokweza, ndipo mbali ya shatala ndi ya nambala ya f anati ndiibwereze kawiri. Simunakhalepo ndi wophunzira wachidwi ngati iwowo.

Zonse munalamula ndachita. Ndapezanso ndekha kuti kagudumu kakakhala pa M munthu amasankha zonse ziwiri, liwiro la shatala ndi chibowo cha lenzi, ndiye ndikujambulira pamenepo. Ndikakweza liwiro chithunzi chimachita mdima, choncho ndakwezanso chija cholembedwa kuti ISO. Musadabwe, telala naye ali ndi mutu.

Za manja anga onjenjemera ndamva. Zaka khumi ndi zisanu ndikudula nsalu za eni ake, palibe anandibwezerapo malaya kuti mzere wakhota. Chithunzi chija mwati ndifufute sindinafufute, ndipo nanunso musafufute chanu. Mukapeza mpata muchiyang'anenso bwinobwino, inu odziwa ntchitoyi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za kusesa zija mlamu wanu atazimva anangotuluka panja. Mukanadziwa mmene akugwirira ntchito m'nyumba muno, mawu amenewo simukanawalemba.

M'khadi ili muli zithunzi makumi awiri ndi vidiyo imodzi. Diresi lobiriwira avala Amayilo ndasoka ndine. Mutiuze ngati takhoza mayeso.

Mlongo wanu,
Chigamba

28 Febuluwale

Chigamba,

Moni kwa nonse, makamaka kwa Amayi. Ine ndili bwino.

Ndiyambe ndi chabwino, usamati sindiyamika. Zithunzi zatuluka bwino kwambiri. Chimodzi ndachitsukitsa chachikulu n'kuchipachika kuseri kwa kauntala, ndipo makasitomala amafunsa kuti mayi wokongolayu anamujambula ndani. Ndimayankha kuti wophunzira wanga. Komabe zonse makumi awiri wajambulira mbali imodzi, ya kumanja, Amayi akuyang'ana kuwindo. Kodi miyendo yako inamera pamalo amodzi? Uzizungulira, uzijambulanso kutsogolo.

Tsono vidiyo. Ndinathamanga kuchokera ku ntchito, ndinalowa m'chipinda jekete lili m'thupi, ndinaika khadi m'kompyuta n'kukweza mawu mpaka mapeto. Zii. Amayi milomo ikusuntha mphindi yathunthu, ine osamva ngakhale kutsokomola. Ndinayesa kompyuta ya ku ntchito, chimodzimodzi. Ndinalira, Chigamba, ndipo sindikuchita manyazi kukuuza. Ndaionera kakhumi, ndikuona ngati akubwereza mawu amodzimodzi, koma poti wawajambulira cham'mbali, milomo sindingathe kuiwerenga. Ankanena chiyani?

Vuto ndi lakuti wazimitsa maikolofoni, ndipo sindikumvetsa kuti unakafika bwanji kumeneko. Dina batani la menyu, pita pa chizindikiro cha vidiyo, tsika mizere inayi, upeza polembedwa za mawu. Payatse. Mukayamba kujambula uziyang'ana pansi pa sikirini. Ukaona timizere tobiriwira tikudumphadumpha, ndiye kuti mawu akulowa.

Ndaonanso kuti m'khadi munatsalira zithunzi zisanu ndi zitatu za madiresi ali pahang'ala. Kamerayo sindinatumizire bizinesi yako. Ngati mwaisandutsa yotsatsira malonda, Amayi n'kumangowajambula mongowapatsa ulemu, undiuze ndidziwe. Chithunzi choipa chija ndilibe nthawi yochiyang'ananso, kulakwitsa kwako ndinakuona kale.

Undiyankhe msanga, ndipo vidiyo ibwere yolankhula.

Mchemwali wako

24 Malichi

Achemwali,

Tadzuka bwino, tikhulupirira kuti nanunso mwadzuka. Amayi alipo.

Madiresi aja ndinajambuladi, sindikukana. Masiku ano kushopu ndimapitako theka la tsiku lokha, ndiye ndimawaonetsa makasitomala zithunzi m'malo moti abwere. Simunafunse chifukwa chimene telala akutsekera shopu masana, ndiye nanenso sindikuuzani.

Za mawu, malangizo anu ndawamva. Vidiyo ziwiri zili m'khadi ili nazonso mupeza zilibe mawu. Mwina ndi kupusa kwanga, paja inu munanena kale. Mwafunsa zimene Amayi amanena. Andiuza kuti ndikuuzeni kuti amati musadandaule, mugwire ntchito, mudikire chiphaso chanu.

Koma ndiloleni ndinene chimodzi, ngakhale ndine wamng'ono. M'makalata anu awiri ndawerengamo mawu akuti nambala kambirimbiri. Palibe pamene mwafunsa kuti Amayi akudya bwanji, akugona bwanji, kapena kuti mabotolo munaona aja ndi a chiyani. Mumayang'ana chithunzi ngati mphunzitsi wofuna pochonga, ndipo pochonga mumapapeza. Ine ndatopa, achemwali. Pali zinthu zimene pakamwa panga panamangidwa, koma maso anu sanamangidwe.

Chigamba

20 Epulo

Chigamba,

Moni sindikupatsa, upereke kwa Amayi okha.

Lachiwiri lapitali madala amene amakonza makamera m'sitolo mwathu ankafuna chithunzi choipa choti aonetse makasitomala, awaphunzitse kugwira kamera. Ine ndi nzeru zanga ndinati ndili nacho, cha mlongo wanga telala. Ndinachitsegula ndikuseka. Madalawo anavala magalasi n'kuchikulitsa. Kenako anandifunsa kuti:

"Ngati wojambula ananjenjemera, bwanji maluwa a pa katani akuoneka onse? Taona kapu, taona mpando. Kamerayi inali phee. Chimene chinkasuntha ndi dzanja la mayiyu."

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuuza anthu zimenezi tsiku ndi tsiku, koma pa dzanja la mayi anga sindinazione.

Mwina sukudziwa kuti kamera imalemba chilichonse m'kati mwa chithunzi: tsiku, ola, ndi nambala zonse zimene wojambula anasankha. Ndatsegula zithunzi zako chimodzichimodzi. Ndinati 500, iwe wakhala ukujambula pa 1000, liwiro lojambulira mpira, pojambula munthu wokhala pampando. Chibowo cha lenzi wachitsegula mpaka mapeto, komabe nditakulitsa chithunzi chimodzi ndaona kumbuyo kwa Amayi chitsulo chozungulira chonyezimira, chophimbidwa ndi nsalu. Ndi gudumu la njinga ya odwala limenelo. Zithunzi zonse unajambula pakati pa 10 koloko ndi 10:15 m'mawa, palibe cha masana ngakhale chimodzi. Manambala a zithunzi akudumpha kuchoka pa 212 kufika pa 247, kusonyeza kuti unafufuta zoposa makumi atatu kuti upeze chimodzi chonditumizira. Ndipo maikolofoni ija sizima yokha. Imabwera yoyatsa kuchokera ku fakitale, ndipo kuti munthu aizimitse amadina mabatani kasanu. Si kupusa kumeneko, ndi dala.

Mwandiphimba m'maso miyezi ingati? Ine ndapachika bodza lanu pakhoma, n'kumalionetsa kwa anthu monyadira. Ndakuimbira katatu sabata ino, iwe ukungoti uli pafupi ndi Amayi, ulemba kalata. Ine ndine mwana wawo woyamba, Chigamba. Ndinakubereka kumbuyo iwe usanadziwe dzina lako. Wandiyesa mlendo woti ndizionetsedwa pabalaza pokha?

Undiuze chimene chachitika ku mbali ya kumanzere ya nkhope ya Amayi, imene sunaijambulepo. Undiuze chifukwa chimene sukufuna kuti ndimve mawu awo. Ukapanda kuyankha zoona, ndikwera ndege, chiphasocho chipite kumene chikupita.

Mchemwali wako

11 Meyi

Achemwali,

Moni wanga ndikupatsani ngakhale wanu munandimana. Mwafuna zoona, nazi.

Amayi anagwa pa 14 Novembala akuyanika zovala. Ndi sitiroko. Anagona kuchipatala masabata atatu. Mwendo wamanzere sugwira, dzanja lamanzere limanjenjemera osaleka, pakamwa panapotokera mbali yomweyo, ndipo mawu amatuluka olemera, ofunika kuwazolowera kuti uwamve. Mutu wokha ndiye uli bwinobwino, ndi ukali wawo womwe. Tsiku limene anayambanso kulankhula, chinthu choyamba sanapemphe madzi. Anandigwira malaya ndi dzanja labwinolo n'kundilumbiritsa kuti inu musadziwe mpaka chiphaso chanu chituluke. Anati mwavutika zaka zambiri kudziko la eni, ndipo sakufuna kuti mudzataye zonse chifukwa cha mwendo wawo.

Ndinalumbira, koma mtima sunandilole. Kamera yanu itafika ndinaona ngati Mulungu wanditsegulira khomo. Ndinalonjeza kuti sindinena, sindinalonjeze kuti sindijambula. Chithunzi choyamba chija ndinachikonza dala. Kamera ndinaikhazika patebulo kuti isasunthe ngakhale pang'ono. Mabotolo a mankhwala ndinawasendeza kuti alowe m'chithunzi, beseni losambitsira Amayi ndinalisiya pomwepo. Ndinati mchemwali wanga ndi katswiri, akangoona aimba foni tsiku lomwelo n'kundifunsa molunjika, ine n'kumasuka. Ndinadikira masabata atatu. Chimene chinabwera ndi masamba atatu ondiuza kuti ndili ndi manja onjenjemera ndipo mkazi wanga sasesa.

Ndiye musanene kuti takuphimbani m'maso tokha. Nsalu yophimbirayo munatumiza ndinu, yodula kale, ife tinangosoka. Amayi atamva kuti pali nambala yoimitsa dzanja ndi ina yosungunula zakumbuyo, anaseka koyamba chigwereni. Kuyambira tsiku limenelo wotsogolera kujambula ndi iwowo. Cha m'ma 10 koloko, atasamba ndi kumwa mankhwala, ndi pamene amakhala ndi mphamvu. Mlamu wanu amawaveka, amawapesa, amaphimba njinga, ine ndimaima kumanja. Chithunzi chilichonse amachiona pa sikirini, ndipo chikawanyansa amati fufuta. Za maikolofoni anandituma ndi iwo kuti ndifufuze mpaka ndipeze pozimitsira. Tisanayambe vidiyo iliyonse amafunsa ngati ndazimitsa.

Mlamu wanu amene munamunena uja ndi amene amawanyamula, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza. Msana wake watha. Ine ndimatseka shopu masana kuti ndidzamulandire. Sitikufuna kuyamikidwa, koma kutukwanidwa ndiye ayi.

Kalata yanu ndinawawerengera Amayi yonse. Akwiya kwambiri, ndipo mawu ali m'munsiwa ndi awo, ndangolemba mmene anenera.

"Mwanangu, ndinakutumiza kukaphunzira ntchito, sindinakutumize kukakhala wapolisi wofufuza mayi ako. Ndinafuna uzindiona nditavala bwino, nditapesa, monga unandisiyira. Kodi ndalakwa? Thupi ndi langa, ndipo ndili ndi ufulu wosankha mbali yoti anthu aone. Mlongo wako usamukalipirenso, anachita zimene ndinamutuma. Za ndegezo ndisamvenso. Ukabwera chiphaso chisanatuluke, chitseko changa sindikutsegulira. Juni si kutali. Khala komweko, ndikudikira."

Atero Amayi. Ine sindiwonjezerapo kanthu, poti pakamwa panga panamangidwabe theka.

Chigamba

30 Meyi

Chigamba mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa mlamu wanga ndi kwa Amayi. Kalata yako ndaiwerenga kasanu.

Ndikadali wokwiya, sindikunamiza. Ndakwiyira iwe chifukwa cholumbira, ndakwiyira Amayi chifukwa chokulumbiritsa, koma woyamba pamzere ndine ndemwe. Chithunzi chachikulu chija ndachitsitsa pakhoma. Choyamba chija ndachitsukitsa, chili pambali pa bedi langa. Mlamu wanga umuuze kuti ndinalankhula ngati chitsiru, ndipo ndidzamupepesa ndekha pamaso.

Nditawerenga ndinapita kukafunsa za ndege tsiku lomwelo. Kenako ndinawerenganso mawu a Amayi. Umawadziwa, akanena kuti satsegula chitseko ndiye kuti satseguladi, ndipo sindikufuna kuwakwiyitsa ali m'mene alilimu. Ku ofesi andiuza kuti chiphaso chituluka pa 18 Juni. Ndi masabata osakwana atatu. Ndimvera Amayi, ndidikira, ndipo pa 20 ndinyamuka.

Koma pempho langa ndi limodzi, ndipo ulendo uno sindikulamula. Bweza kagudumu pa chizindikiro chobiriwira, kamera izisankha yokha. Dzanja lituluke ngati utsi, njinga ioneke, mabotolo aoneke. Yatsa maikolofoni. Uwauze Amayi kuti mawu awo olemerawo ndi amene ndikuwafuna, ndiwazolowera monga munawazolowerera inu. Ngakhale khadilo lisafike ndisananyamuke, jambulabe, tidzaonera limodzi.

Sunandiyankhebe chimodzi. Pa vidiyo zitatu zija, mawu amene ankabwereza aja ndi ati? Wati amati ndisadandaule, koma milomo yawo inkatsekeka ndi kutseguka mwachidule, mawu ake si aatali choncho.

Mchemwali wako

21 Juni

Achemwali,

Kalata iyi sindiika ku positi. Ndikupatsani pamanja mawa mukatsika basi, chifukwa pakamwa sindingathe kunena zili m'munsimu. Muiwerenge tisanafike kunyumba.

Pa foni ndinangokuuzani kuti Amayi adwalanso. Sitiroko yachiwiri inawagwira pa 6 Juni m'mawa, mlamu wanu akuwapesa. Kalata yanu yopempha kuti ndiyatse maikolofoni inafika pa 13. Ali moyo, atuluka m'chipatala, maso akuona ndipo akuzindikira aliyense. Mukalowa akudziwani. Koma salankhulanso, ngakhale liwu limodzi, ndipo adokotala atiuza kuti tisayembekezere kuti mawu adzabwerera.

Munafunsa kawiri zimene ankanena pa vidiyo. Ndinakunamizani, ndipo bodza limeneli ndi langa ndekha, sanandituma ndi Amayi. Ankati akafunsa ngati ndazimitsa, ine n'kuvomera, ankatembenukira kuwindo, n'kumwetulira ndi mbali yabwinoyo, n'kuyamba kulankhula nanu momasuka, podziwa kuti simudzamva. Ine ndinkamva zonse nditaima ndi kamera. Tikamaliza ankapukuta m'maso n'kundiuza kuti ndikulembereni kuti musadandaule.

Pa 2 Epulo ndinalephera kupirira. Ndinayatsa maikolofoni mlamu wanu akuwaveka. Atafunsa ngati ndazimitsa ndinavomera, timizere tobiriwira tija tikudumpha pamaso panga. Vidiyo imeneyo ndinaijambula kuti ndikutumizireni. Khadi lake ndinaliika mu envelopu kawiri, kawiri konse n'kulitulutsanso. Ndinaopa lumbiro langa, ndinaopa chiphaso chanu, ndinaopanso kuti mudzati ndakuonongerani moyo. Ndikanatumiza, bwenzi mutabwera mu Epulo, bwenzi mutacheza nawo miyezi iwiri akulankhula. Zimenezo ndizisenza ndekha, ndipo mukafuna kundikalipira ulendo uno sindiyankha.

Chimene chikundipsetsa mtima n'chakuti tonse atatu ndife anzeru. Inu mumadziwa nambala, Amayi amadziwa kulamula, ine ndimadziwa kumvera. Miyezi isanu kamera yabwino chonchi inali m'nyumba muno, ndipo pa mawu onse amene Amayi analankhula, atsala ndi a mphindi imodzi ndi theka.

Kamera ili m'chikwama chimene ndanyamulachi, batire ndi lodzaza. Kagudumu ndakabweza pobiriwira monga munapempha. Dinani batani loonera zithunzi, mupite pa nambala 318, mukweze mawu ndipo muike khutu pafupi, poti amamveka movutikira. Poyamba mumva akufunsa kuti, "Wazimitsa?" Mumva ine ndikunama. Kenako Amayi amayamba kukutchulani dzina lanu la paubwana, limene palibe wina amalitchula. Mawu otsatirawo ndi amene ankabwereza pa vidiyo zonse zija:

"Bwera, mwanangu. Ndikuopa. Bwera."

Mlongo wanu,
Chigamba